Kamera ya filimu yokhala ndi zumu, ija yolowa m'thumba: mafunso amene mumandifunsa mobwerezabwereza

Chiyambireni kuyenda ndi kakamera kanga kafilimu m'tauni muno mu Lilongwe, sabata siitha osafunsidwa. Mu minibasi ya ku 25, pa chinkhoswe, kutchalitchi, ngakhale kondakitala tsiku lina anaiwala kundipatsa chenji ali kalikiliki kufunsa ngati kamajambuladi. Mafunso ake amakhala omwewomwewo, nde ndati ndingowayankha pamodzi kuti wina akandifunsanso ndizingomulozera pano.

Kodi kamera imeneyi ndi iti kwenikweni?

Ndi tija timakamera tapulasitiki tomwe azimalume ankabwera nato kuchokera ku Joni kapena ku UK zaka za m'ma 1990. Ukakayatsa lenzi imatuluka yokha ikulira nyiii, ukadina batani lina imatalika kukokera chinthu pafupi, ndiyo zumuyo. Kamadya filimu ya 35mm, kamaikoka kokha, kamasankha kokha kuwala ndi fokasi, filimu ikatha kamaibweza kokha m'kachitini kake. Iwe ntchito yako ndi kuloza ndi kudina basi.

Yoyamba yamtunduwu inali Pentax Zoom 70 ya 1986, kenako makampani onse analowamo. Mayina asakusokonezeni chifukwa kamera imodzi ankaipatsa dzina malinga ndi dziko lomwe akukaigulitsa. Olympus mju ku America ndi Stylus. Canon Prima ya ku Ulaya ku America ndi Sure Shot, ku Japan ndi Autoboy. Pentax Espio ndi IQZoom yomweyo, Minolta Riva ndi Freedom.

Filimu ikupangidwabe? Ndimayesa zinatha kalekale

Ikupangidwa. Kodak, Fujifilm ndi Ilford onse akugulitsabe ya 35mm, ya zithunzi 24 kapena 36. Imene inatha ndi mtundu wina wotchedwa APS, ndafotokoza m'munsimu pa funso la kamera yopeza kwa venda.

Foni yanga imajambula bho, ndivutikirenji ndi chimenechi?

Ndisakunamizeni, foni yanu ikachinya kakamera aka pa zambiri, makamaka usiku. Amene akufuna chithunzi choti aponye pa status pompano asiye kuwerenga, akhale ndi foni yake.

Chomwe ndimakakondera ine ndi china. Mitundu ya filimu pa dothi lathu lofiirali, pa zitenje, pa khungu lakuda dzuwa likamapendeka cha m'ma 4 koloko, imatuluka mofewa mwina mwake, sizifuna filter. Chachiwiri anthu sakaopa. Ukatulutsa chikamera chachikulu mu msika wa Tsoka aliyense amayamba kufunsa kuti ndinu a nyuzi iti, mutilipira zingati, koma aka amangoseka nkumati "achimwene kameneko nkagogo", uku iwe wajambula kale. Ndiye pali nkhani ya 36 ija. Ukadziwa kuti uli ndi zithunzi 36 zokha ndipo chilichonse ndi ndalama, sudina chisawawa, umayamba wadikira kuti mayi wadengu uja afike pamene pali kuwala. Negetivi nayonso ukaisunga bwino imakhala zaka zambirimbiri, pomwe zithunzi zanga za 2015 zinapita ndi foni imene inasowa pa depoti.

Komanso pa makamera onse afilimu, awa a zumu ndi amene ali otchipa, chifukwa anapangidwa ambiri zedi ndipo anthu otolera makamera sawathamangira.

Nanga vuto lake lalikulu ndi chani?

Zumu yomweyo. Chinthu chimene chimakukopa pogula ndi chomwenso chimakupweteka, ndipo apa ndichedwepo chifukwa mafunso ambiri m'munsimu akuchokera pompa.

Yang'anani kutsogolo kwa lenzi, pamalembedwa manambala ngati 38-115mm, pena nkuwonjezera ena monga 1:4.5-9.7. Oyambawo ndi kutalika kwa zumu, achiwiriwo akukuuzani kukula kwa bowo lolowera kuwala. Nambala ikamakula bowo likuchepa. Kuti lenzi yaitali ikwane m'kabokosi kolowa m'thumba la jinzi, opanga anachita kuchepetsa bowolo, nde ukakhala pa 38mm uli pa f/4 kapena f/4.5 (ndi kalembedwe kena ka manambala achiwiri aja), zomwe sizoipa, koma ukaitulutsa yonse umapezeka uli pa f/10, f/11, ena mpaka f/13. Kuchoka pa f/4 kufika pa f/11 ndiye kuti kuwala kwachepa ka 8. Ukayerekeza ndi kamera yopanda zumu ya f/2.8, kwachepa ka 16.

Kamera ikaona kuti kuwala kwachepa ili ndi njira ziwiri zokha: kutsegula shata (kachitseko kolowetsa kuwala pa filimu) nthawi yaitali, kapena kuyatsa fulashi. Shata ikachedwa, kugwedezeka kwa dzanja lako kumaoneka, ndipo pa zumu yaitali kugwedezeka pang'ono kumakula ngati chivomezi. Pafupifupi timakamerati tonse tilibe kanthu koletsa kugwedezeka ngati mafoni amakono. Ikayatsa fulashi, fulashiyo siifika komwe wazumako. Mbali zonse wagwa nayo.

Ine ndinaphunzira ndi ukwati wa msuweni wanga mu holo ina ku Area 25. Ndinakhala kumbuyo chifukwa ndinachedwa, nthawi ya perekaniperekani ndinazuma mpaka kumapeto, kudina, kudina, mtima uli mbee kuti ndagwira zonse. Zitatsukidwa, chimene chinatuluka bwino ndi duku la mayi amene anakhala kutsogolo kwanga, loyera mbuu ndi fulashi, akwati ali kutali uko ngati mizukwa mu utsi. Mafoto khumi ndi anayi onse duku lomwelo.

Ndiye kuti zumuyo ndi yachabe?

Ayi, ili ndi malo ake, ndipo malo ake ndi panja dzuwa lili phwee. Mwamwayi kuno dzuwa sitisowa. Masana ku Senga Bay, pokwera phiri la Nkhoma, kapena mwana akusewera pabwalo, ndi filimu ya 400 (nambala imeneyi ndi ISO, ikamakula filimu imafuna kuwala kochepa) mutha kuzuma ndithu chithunzi nkutuluka chakuthwa. Pojambula nkhope ya munthu, kuzuma pang'ono cha pa 60 kapena 70mm kumathandizanso, mphuno siikula ngati mmene imachitira ukamuyandikira kwambiri pa 38.

Lamulo langa ndi ili: m'nyumba, madzulo, kapena kukachita mitambo, zumu siigwiridwa, ndimayenda ndi miyendo. Ndipo pogula musatengeke ndi nambala yaikulu. Ya 38-70 kapena 38-80 nthawi zambiri imakupatsa zithunzi zabwino zochuluka kuposa ya 38-140 kapena 160. Kuli mpaka Pentax Espio ina yofika 200mm, koma kuti muigwire osagwedezeka pamenepo muyenera kukhala ndi manja a dokotala wa opaleshoni.

Ya 28mm kumayambiriro mukaipeza tengani. M'zipinda zathu zing'onozing'ono za lendi, 38mm siikwanitsa banja lonse, umachita kutulukira pakhomo.

Fulashi yake imafika pati?

Pafupi. Ndi filimu ya 100, osazuma, muwerengere mamita atatu kapena anayi. Mukazuma yonse, awiri basi. Filimu ya 400 imachulukitsa mtundawo kawiri. Ndiye amene mumafuna kujambula mpira usiku pa Bingu National Stadium muli pa sitandi, mukungowalitsa pankhongo pa amene ali patsogolo panu.

Koma pafupi fulashiyi ndi dolo. Pa braai usiku, magetsi atazima, anthu atatu anayi atakumbatirana mita ziwiri kuchokera pamene waima, imatulutsa kaonekedwe kaja ka m'ma albamu akale, nkhope zowala kumbuyo kuli bii. Achinyamata ambiri amene amandifunsa akufuna chimenecho kwenikweni. Masana nayonso imathandiza: munthu akaima pansi pa mtengo wa mango kumbuyo kuli dzuwa, ikakamizeni fulashi iyake, apo ayi nkhope idzada.

Chokwiyitsa nchakuti ambiri mwa makamerawa ukazimitsa amaiwala zomwe unasankha. Wathimitsa fulashi, wakaika m'thumba, potulutsanso yabwerera pa auto, nde umangozindukira yang'anima pamaliro anthu onse nkukucheukira. Muzolowere kuyang'ana kasikirini kapamwamba nthawi iliyonse mwayatsa.

Ndigule ya zumu kapena yopanda zumu?

Ndalama zikanakhala kuti si nkhani, yopanda zumu. Olympus mju II ya 1997 ili ndi lenzi ya 35mm f/2.8, yakuthwa, imapirira mdima, ndipo ndi kakang'ono kuposa ya zumu. Yashica T4 ndi Contax T2 za lenzi ya Zeiss ndiye osanena. Vuto nlakuti zimenezi zinatchuka pa Instagram, mitengo inakwera mopanda chisoni, pomwe m'kati mwake ndi mawaya okalamba omwewo amene atha kufa mawa. Kutaya ndalama ya lendi ya miyezi ingapo pa chinthu chosakonzeka, ine ayi.

Chimene anthu sadziwa nchakuti ya zumu ukaisiya pa 38mm masana, kusiyana kwake ndi zodulazo pa chithunzi cha saizi ya albamu nkochepa, ambiri sangakuone. Ndiye kwa woyamba kumene, tengani ya zumu yotchipa, muigwiritse ngati yopanda zumu, zumuyo ikhale ya pangozi. Ndalama yotsalayo mugulire filimu, chifukwa kumeneko ndi kumene ndalama zimathera.

Nanga bwanji osangogula SLR, zija zazikulu zosintha lenzi?

Ngati mukufuna kuphunzira kujambula kwenikweni, kusankha nokha shata ndi bowo, gulani SLR, monga Pentax K1000 kapena ina yotero. Kakamera ka zumu sikakuphunzitsani zimenezo chifukwa kamakuganizirani chilichonse ndipo sikakuuzani zomwe kasankha. Koma SLR ndi katundu, imafuna chikwama chake, pa kabaza imakumenya m'nthiti. Yanga imagona kunyumba masiku ambiri, kam'thumbaka ndi kamene kamayenda.

Ndiikemo filimu yanji?

Ya ISO 400, pa chifukwa cha bowo laling'ono lija. Kodak Ultramax 400 kapena Fujifilm 400 ngati mukufuna yamitundu, Ilford HP5 Plus ngati mukufuna black and white. Kodak Gold 200 ndi ColorPlus 200 nazonso zili bwino ngati mukudziwa kuti mukakhala panja tsiku lonse. Ya 100 isiyeni.

Yang'anani pa kachitini ka filimu, pali timabokosi tasiliva ndi takuda ngati bawo. Imeneyo ndi DX, Kodak anaiyambitsa mu 1983, ndipo kamera imawerenga pamenepo kuti idziwe ISO. Makamera ambiri amtunduwu alibe poti usinthe ISO ndi dzanja, nde ukaika filimu yopanda DX ambiri amangoitenga ngati ya 100.

Filimu yoti inapitirira deti, ija mwaipeza m'kabati ya agogo, mutha kuseweretsa koma osati pa mwambo wofunika. Ikakhalitsa motentha mitundu imasokonekera ndipo imafuna kuwala kochuluka, chinthu chimene kakamera aka kalibe kale.

Mabatire ake ndi ati?

Ambiri amadya CR123A, ena CR2, onse a lithium a 3V. Si mabatire oti mungawapeze pa okala ya m'makwalala, muyambe mwafunsa m'mashopu a zamagetsi ndi a ma alamu, ndipo mukawapeza gulani awiri. Alipo makamera ena, makamaka otsika mtengo, amene amadya AA wamba, kwa ife kuno imeneyo ndi mfundo yaikulu ndithu. Popanda batire kameraka ndi mwala, ngakhale filimu simungaibweze. Kuseweretsa zumu uku ndi uku ndi kuyatsa fulashi pachabe ndi zimene zimamaliza batire, choncho osapatsa ana kuti azimvera kulira kwake.

Ndaipeza kwa venda, kapena m'sutikesi ya malemu bambo. Ndione chani ndisanasangalale?

Choyamba tsegulani kumbuyo muone ngati ndi ya 35mm. Ngati chitseko chakumbuyo kulibe, pali kachitseko kakang'ono pansi kongolowetsera filimu ngati batire, ndipo palembedwa APS, Advantix, IXUS, Vectis kapena Nuvis, isiyeni pomwepo. Filimu ya APS inabwera mu 1996 nkusiya kupangidwa mu 2011, kamera yake pano ndi chidole.

Koma musanatsegule ya kunyumba, yang'anani pa kawindo kakumbuyo ngati muli filimu kale. Mutha kupeza zithunzi za bambo zomwe palibe anazionapo, mukatsegula mwaziwotcha.

Kenako potsekera batire. Mukaona zoyera ngati ufa kapena zobiriwira pa tizitsulo, batire linawolera momwemo. Pang'ono zimachoka ndi kathonje konyowetsa viniga, zikachuluka yapita. Pitani ndi batire lanu pogula, osamvera zoti "imagwira bwana, batire lokha ndi limene latha". Ine ndinagulapo ina mu Old Town pa mawu amenewo, kufika kunyumba lenzi inatuluka theka nkuima pomwepo, mpaka lero ili pa shelefu ikundiyang'ana ndi diso limodzi. Ikani batire, yatsani, zumani mpaka kumapeto nkubweza katatu konse mukumvetsera. Kulira kosalala ndi bwino, kukhekhereza ngati chigayo chikumeza mwala ndiye kuti magiya akutha. Dinani muone ngati shata ikuphethira, fulashi ikuyaka, kasikirini kakuonetsa manambala onse. Walitsani tochi ya foni pa lenzi: fumbi pang'ono si vuto, koma tizingwe toyera ngati ukonde wa kangaude ndi nkhungu.

Zonse zikakhala bwino, filimu yoyamba ikhale yoyesera, mujambule agalu ndi mpanda. Kuwala kolowera m'mbali, kumene kumasiya mizere yofiira pa chithunzi, simungakuone mpaka mutatsukitsa.

Ikawonongeka ikonzeka?

Kawirikawiri ayi. M'kati muli timagiya tapulasitiki ndi kachingwe kopyapyala kamene kamapindika nthawi iliyonse lenzi ikutuluka, pakatha zaka 25 kapena 30 kamathyoka, ndipo masipeya anasiya kupangidwa. Anyamata okonza mafoni ndi akatswiri pa zawo koma ichi musawapatse, komanso inu musatsegule: kapasita ya fulashi imasunga magetsi okwana kukugwedezani ngakhale batire mutachotsa. Nchifukwa chake ndimati musalipire zambiri. Gulani ndi mtima woti tsiku lina kadzagona osadzuka.

Chimodzi chokha chopewa: osakankha lenzi ndi dzanja, osaika m'thumba isanabwerere yonse.

Kutsukitsa nkuti, poti masitudiyo onse ndi a digito?

Ili ndi funso loyenera kuliyankha musanagule kamera, osati filimu itadzaza. Situdiyo ikakuuzani kuti "timatsuka zithunzi", nthawi zambiri akunena kupulinta za pa foni kapena pa flash. Funsani mosapsatira ngati amatsuka negetivi ndi mankhwala a C-41, ndiwo a filimu yamitundu. Ine ndimasonkhanitsa mafilimu atatu anayi nkupatsira munthu wopita ku Joni, kumene malabu alipo, iwo amasikana nkunditumizira pa intaneti, manegetivi amabwera pambuyo. Nenani kuti manegetivi muwafuna, ena amataya.

Black and white mutha kutsuka nokha kunyumba ndi kathanki, mankhwala ndi madzi a madigiri 20, ngakhale mu Okutobala madzi a pampopi amafuna ayezi kuti afike pamenepo. C-41 imafuna madigiri 38 osasuntha, ndi yovutirapo.

Ndiye powerengera ndalama musaone kamera yokha. Filimu, kutsuka, kusikana, ndi kakuthokoza kwa amene wakunyamulirani, mukagawa ndi 36 mupeza mtengo wa kudina kamodzi. Mafilimu ochepa chabe amapitirira mtengo wa kamera.

Zithunzi zanga zatuluka zosaoneka bwino, kapena mitu yaduka. Zapsa?

Kale wojambula wa panjinga akalakwitsa ankangoti "zinapsa", nkhani nkuthera pomwepo. Kupsa kwenikweni ndi pamene mwatsegula chitseko filimu isanabwerere. Zina zonsezi zili ndi zifukwa zake.

Chithunzi chonse chikakhala chogwedezeka, bwererani pa funso la vuto lalikulu. Kumbuyo kukaoneka bwino anthu ali mbuu, ndiye kuti fokasi inadutsa pakati pawo: kamera imayeza chimene chili pakati penipeni, nde anthu awiri akaima motalikirana imakagwira mpanda. Lozani kabokosi kapakati pa nkhope, dinani batani theka, kagetsi kobiriwira kakayaka sunthani kamera mmene mukufunira chala chili pomwepo, kenako malizani kudina. Mukamajambula kudzera pa galasi la basi popita ku Dedza, makamera ambiri amayeza galasilo osati phiri, dinani batani lokhala ndi chizindikiro cha phiri.

Mitu kuduka ndi chifukwa choti diso lanu likuonera pa kawindo kena, lenzi ili pena. Patali sizisiyana, koma mukayandikira pansi pa mita imodzi ndi theka zimasiyana, tsatirani timizere tating'ono tili m'kawindomo. Ndipo chala! Sichioneka pa kawindo koma pa chithunzi chilipo, nthawi zina chatseka fulashi.

Kutentha, fumbi ndi mvula ya kuno sizikaononga?

Fumbi la Ogasiti mpaka Okutobala ndi mdani wa zumu. Lenzi ikatuluka fumbi limamatirira pa chubu, pobwerera nkulowa nalo m'kati. Kaikeni m'kathumba, ngakhale sokosi yoyera imagwira ntchito, ndipo ku nyanja mchenga usakayandikire. Osakasiya pa dashibodi ya galimoto, filimu imaphikika. Nthawi ya dzinja chinyezi chimabweretsa nkhungu ija, osakatsekera m'sutikesi miyezi, ndipo mukakasunga nthawi yaitali chotsani batire. Ma Olympus mju olembedwa all-weather amapirira kuwaza kwa mvula, osati kumizidwa.

Filimu yosagwiritsa isungeni mufiriji, osati pafupi ndi usipa, nkuitulutsa ola limodzi kapena awiri musanaiike. Amene mukubwera nayo pa ndege, iikeni m'chikwama cha m'manja, osati chopita pansi, ndipo kumene kuli makina atsopano a CT pemphani kuti aione ndi manja chifukwa amenewo amaiwononga ngakhale kudutsa kamodzi.

Deti lija lofiira pakona limatheka?

Ngati kamera yalembedwa Date kapena QD, eya. Koma ambiri kalendala yawo inathera 2019, opanga sanaganize kuti tidzakhala tikuwagwiritsabe. Mutha kuzimitsa, kapena kusankha chaka chakale chilichonse. Yanga ndinaiika pa 98, moti mwana wa mchemwali wanga wobadwa chaka chatha ali ndi chithunzi chonena kuti ndi wamkulu kuposa mayi ake.

Andipempha kuti ndikajambule chinkhoswe ndi kameneka. Ndivomere?

Ngati pali wojambula wina wa digito amene walipidwa, vomerani, inu mukakhale wongothyola zapambali: azakhali akuseka kukhitchini, ana akuvina, ankhoswe akunong'onezana. Tengani filimu ziwiri za 400 ndi batire lapadera, khalani kutsogolo, zumu musaikhudze. Koma ngati akuti inu nokha ndiye wojambula, kanani mwaulemu, muwauze kuti apeze wina. Chinkhoswe sachibwereza, ndipo msuweni wanga uja mpaka pano tikakumana pa maliro kapena pa ukwati amandifunsa kuti duku lija ndinalisunga kuti.